Tili ndi Tsiku Limodzi Lokha ku Stone Town: Tione Chiyani, Nanga Boti Silitisiya?

Funso: "Ndine mayi wa zaka 61, ndinapuma pa ntchito ya uphunzitsi ndipo ndimakhala ku Zomba. Mwana wathu amagwira ntchito ku Dar es Salaam, ndiye iye ndi anzake abwereka boti la matanga pamodzi ndi kaputeni wake kuti ayende masiku angapo panyanja yamchere mu Ogasiti. Watiitana ine ndi bambo ake. Akuti boti lidzaima tsiku limodzi pafupi ndi mzinda wakale wa ku Zanzibar wotchedwa Stone Town, kenako n'kupitirira chakumpoto. Ine pamadzi ndinangoyendapo pa Ilala popita ku Likoma. Bambo ali ndi vuto la bondo ndipo amamwa mankhwala a BP. Kodi tsiku limodzi likwana? Tiyambire pati? Ndife a Anglican ndipo ndinamva kuti kumeneko kuli tchalitchi chokhudzana ndi mbiri yathu. Ndikuopanso kusochera, kuberedwa, kapena kuchedwa boti n'kutisiya."

Yankho: Amayi, mtima ukhale m'malo. Ntchito ya maboti ndinaiyambira pa nyanja yathu yomwe ino, kenako ndinakhala zaka zambiri ndikuyenda ndi alendo m'mbali mwa gombe la Tanzania, ndipo pa Stone Town ndaponyapo nangula kambirimbiri. Anthu amsinkhu wanu ndatsika nawo ambiri, ena oyenda ndi ndodo, ndipo madzulo amabwerera m'boti ali osangalala. Tsiku limodzi likwana, bola musafune kuona zonse. Mzindawo ndi waung'ono, munthu wamiyendo yabwino amaudutsa pa theka la ola. Chimene chimaonongera anthu tsiku ndi kuthamangira malo khumi, n'kupezeka kuti palibe ndi amodzi omwe amene aona bwinobwino.

Za kusiyidwa, chotsani mantha. Nkhani zija mumamva zoti anthu atsala kumsika sitima itanyamuka zimachitika ndi sitima zikuluzikulu zonyamula alendo zikwizikwi, zomwe nthawi yake padoko ndi yowerengeredwa. Boti la anthu ochepa, mwana wanu ali momwemo, silingazule nangula makolo ali kumtunda. Komabe nthawi imene kaputeni angakuuzeni muilemekeze kwambiri, chifukwa sachita kuipeka m'mutu mwake. Amauzidwa ndi nyanja.

Apa ndi pamene ife a kunyanja ya Malawi timasokonezeka. Nyanja yathu madzi ake amakwera ndi kutsika pang'onopang'ono potsata mvula ya chaka. Nyanja yamchere imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku chifukwa mwezi ndi dzuwa zimakoka madzi. Ku Zanzibar kusiyana kwake kumafika mamita 3 mpaka 4 mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa kumene, ndipo nthawi ya kudzazako imachedwerapo ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse. Ndiye pamene munatsikira m'mawa madzi akulekeza m'mapazi, madzulo mungapeze mchenga wautali ndi miyala yoterera, kaboti kokutengani kakulephera kufika pafupi. Kuwonjezera apo, panjira yochoka pa Stone Town pali miyala ya korali ndi milu ya mchenga yobisika m'madzi, ndipo kaputeni wanzeru amafuna kudutsapo dzuwa likadalipo kuti aziona mtundu wa madzi. Mukachedwa ndi ola limodzi, boti lingagone pomwepo usiku wina, ulendo wa anthu onse n'kusokonekera. Mu Ogasiti kumaomba mphepo yakummwera imene kumeneko amati kusi, mbale wake wa mwera wathu uja. Nyengo yake ndi yabwino, kulibe mvula yambiri ndipo sikutentha monga mu Febuluwale, koma mphepoyi imakonda kukula masana, moti kubwerera m'boti madzulo kumanyowetsa kuposa kutsika m'mawa.

Usiku woti mawa mutsika, khalani pansi ndi kaputeni mumufunse mosapita m'mbali: titsika nthawi yanji, mudzatitenga nthawi yanji ndipo pamalo pati penipeni, boti ligona pano kapena linyamuka madzulo omwewo? Funso lomalizali ndi lalikulu chifukwa ndi limene lidzakuuzeni ngati mungaone msika wa zakudya wa usiku wa kugombe kapena ayi. Lembani papepala dzina la boti, nambala ya foni ya kaputeni ndi ya mwana wanu, aliyense wa inu awiri akhale ndi pepala lake m'thumba. Foni imatha moto, pepala silitha. Muonetsetsenso kuti wotchi yanu ili pa nthawi ya Tanzania, yomwe ili patsogolo pa ya Malawi ndi ola limodzi. Ndipo samalani ndi kawerengedwe ka maola m'Chiswahili, kamene kamayambira potuluka dzuwa. Mnyamata wa kaboti akanena kuti "saa kumi", akunena 4 koloko madzulo, osati 10 koloko. "Saa moja" ndi 7 koloko. Ndaonapo alendo akudikira pagombe maola angapo chifukwa cha zimenezi. Mukamapangana nthawi ndi munthu wa kumeneko, mulozereni pa wotchi kapena alembe manambala.

Za mapepala sizovuta. Zanzibar ndi gawo la Tanzania kuyambira mu 1964, koma ili ndi boma lakelake ndipo alendo amaonetsa pasipoti pofika ngakhale achokere ku Dar es Salaam komweko. Pasipoti ya Malawi siifuna viza pa ulendo waufupi wotere. Kaputeni ndiye amatsogolera zolembetsa boti ndi anthu ake kudoko, ndiye musatsike kukayamba zoyendayenda iye asananene kuti zatheka. Kuyambira mu Okutobala 2024 boma la Zanzibar linakhazikitsa inshulansi ya alendo yogulidwa pa intaneti, imene poyamba paja inali madola 44 munthu mmodzi. Muuzeni mwana wanu kuti nkhani imeneyi aimalize ndi kaputeni musanachoke ku Dar es Salaam, kuti isakudyereni m'mawa wonse muli pamzere. Ngati popita mudzadutsa ku Nairobi kapena Addis Ababa n'kukhalako maola opitirira 12, adzafuna khadi la katemera wa yellow fever. Majumbo apulasitiki analetsedwa m'dziko lonselo mu 2019, tengani kachikwama kansalu.

Boti la matanga nthawi zambiri silifika padoko la sitima. Limaima patali pang'ono moyang'anana ndi gombe la Shangani kapena Forodhani, anthu n'kumapita kumtunda pa kaboti kakang'ono ka injini. Pa ulendo wonsewu, malo amene ndimaopera kwambiri alendo achikulire ndi amenewa, pokwera ndi potsika m'kabotiko. Valani jekete yoyandamitsa ija ngakhale gombe likuoneka pafupi. Katundu perekani kaye kwa wina kuti manja onse akhale opanda kanthu, pondani pakati pa kaboti osati m'mphepete, ndipo khalani pansi nthawi yomweyo. Sitima zothamanga za pakati pa Dar es Salaam ndi Zanzibar zimadutsa chapafupi ndipo zimasiya mafunde aakulu, ndiye ikangodutsa dikirani madzi akhazikike. Bambo atsogoze mwendo wabwino pokwera, wodwalawo potsika, mnyamata mmodzi ali kutsogolo wina kumbuyo. Asachite manyazi kugwiridwa dzanja. Nsapato zikhale zomanga kumbuyo zoti zikhoza kunyowa, chifukwa m'madzi osaya mumakhala tizilombo taminga takuda tobaya koopsa, ndiponso magalasi osweka. Pasipoti, foni ndi mankhwala zikhale m'kathumba kosalowa madzi.

Mukaponda kumtunda mungadabwe kumva ngati nthaka ikuyendayenda. Si matenda ndipo si BP. Khutu lamkati, lomwe limathandiza thupi kuima mowongoka, limakhala litazolowera kugwedezeka kwa boti, ndipo limatenga nthawi kuti lizindikire kuti zasiya. Kuchokera ku Dar es Salaam ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 70, boti la matanga limatha pafupifupi tsiku lonse, ndiye zimenezi zikhoza kukuchitikirani. Kwa ambiri zimatha pa maola ochepa, ena tsiku limodzi kapena awiri. Khalani kaye pa benchi ku Forodhani, paki ya m'mphepete mwa nyanja, mphindi 15, imwani madzi, yang'anani chinthu chakutali chosasuntha, kenako muziyamba kuyenda. Ngati munamwa mapiritsi oletsa chizungulire cha pamadzi, dziwani kuti ambiri mwa iwo amagonetsa ndi kuumitsa kukhosi, ndiye tsiku lotsikalo musawonjezere ena popanda chifukwa.

Kavalidwe inu sikangakuvuteni. Anthu a ku Zanzibar pafupifupi onse ndi Asilamu, ndipo amafuna kuti mapewa ndi mawondo zikhale zobisika mumzinda. Chitenje ndi bulauzi ya manja zakwana. Amene muyenera kuwakumbutsa ndi achinyamata a m'botimo, kuti zovala zosambira zitsale m'boti, anyamata avale malaya. Tsikulo likakhala Lachisanu, mashopu ambiri amatseka masana anthu akapita kokapemphera, ndiye zogula muchite m'mawa kapena chakumadzulo. Ana akakupatsani moni woti "shikamoo", umene amapereka kwa akulu, muyankhe kuti "marahaba". Mudzaona nkhope zawo zikuwala.

Tsopano poyambira. Pitani kutchalitchi chija choyamba, m'mawa mphamvu zikadalipo ndipo magulu a alendo asanachuluke. Dzina lake ndi Christ Church, chili pamalo otchedwa Mkunazini. Galimoto sizilowa m'tinjira ta mkati mwa mzinda, koma takisi ikhoza kukutengani pa Forodhani n'kuzungulira nanu kunja mpaka pafupi ndi chipata cha tchalitchi. Chifukwa cha bondo la bambo ndingakonde mutero, kuti kuyenda kwa miyendo kudzakhale kobwerera chakunyanja, pang'onopang'ono, mukupuma m'njira.

Munamva zoona kuti malowa akutikhudza, ndipo akukhudzani inu a ku Zomba kuposa mmene mukuganizira. Tchalitchichi chinamangidwa pamene panali msika waukulu wa akapolo. Ambiri mwa anthu ogulitsidwa pamenepo ankachokera kwathu kuno. Ankagwidwa m'midzi, kusonkhanitsidwa m'malo monga Nkhotakota kwa Jumbe, kuwolotsedwa nyanja pa zombo za matanga, kuyendetsedwa pansi miyezi mpaka ku Kilwa, kenako n'kukwezedwanso zombo kupita ku Zanzibar. Ambiri ankafera m'njira. Amene anafika ankatchedwa Wanyasa ndi Wayao, ndipo mayina amenewa mudzawawerenga pa zikwangwani za m'nyumba yoonetsera mbiri imene ili pabwalo lomwelo. Msikawo unatsekedwa mu Juni 1873, pamene Sultan Barghash, mfumu ya Zanzibar, anasaina pangano atakakamizidwa ndi Angerezi. Amene ankaimira Britain pa zokambiranazo anali John Kirk, yemwe uja anayenda ndi David Livingstone mu mtsinje wa Shire, amene mapiri a Kirk Range kuno kwathu anatengera dzina lake.

Ulusi wa mpingo wanu ukudutsanso pomwepa. Amishoni a Anglican a bungwe la UMCA (Universities' Mission to Central Africa) anayambira ku Magomero, kufupi ndi kwanu komweko, mu 1861. Bishopu Mackenzie atamwalira mu 1862 zinthu zinavuta, ndipo mu 1864 Bishopu Tozer anasamutsira mishoni ku Zanzibar. Msika utatsekedwa, amishoniwo anapeza malowo, mwala wamaziko unaikidwa pa Khirisimasi ya 1873, ndipo Bishopu Edward Steere anayang'anira ntchito yomanga mpaka mu 1879. Manda ake ali kuseri kwa guwa. Kuchokera ku Zanzibar komweko mpingo unabwereranso kunyanja yathu n'kukhazikika pa Likoma mu 1885, ndiye pamene munapita pa Ilala kukaona tchalitchi cha St Peter's, munaona mwana wa tchalitchi chimenechi. Mukalowa, funsani akuonetseni kamtanda kamatabwa kamene kanasemedwa kuchokera ku mtengo wa mpundu, uja ife timadya maula ake, umene pansi pake anakwirirapo mtima wa Livingstone kwa Chitambo ku Zambia mu 1873. Mmodzi mwa amene ananyamula thupi lake mpaka kugombe, James Chuma, anali Myao amene anamasulidwa m'manja mwa ogula akapolo ali kamnyamata kumapiri a Shire mu 1861. Kutsogolo kwa guwa kuli kabwalo ka mwala woyera kozunguliridwa ndi mwala wofiira, ndipo anthu a kumeneko amati mpamene panali mtengo womangirirapo akapolo powakwapula.

Panja pali chikumbutso chimene anasema Clara Sörnäs wa ku Sweden: anthu asanu amwala ataima m'dzenje, unyolo uli m'khosi. Pamenepo musafulumire. Ine ndafikapo nthawi zambiri koma sindinazolowerepo, ndipo sindifuna kuzolowera. Ndaona alendo ochokera kutali akujambulitsa akumwetulira pambali pa dzenjelo, ndipo zimandipweteka, chifukwa kwa ife amenewo akhoza kukhala abale a agogo athu amene anapita kumunda tsiku lina osabwerako. Ngati mukufuna kupemphera, pempherani. Oonetsa malo adzakutengeraninso ku tizipinda tiwiri tapansi pa nyumba yoyandikana nayo, n'kukuuzani kuti m'menemo ankasungiramo akapolo. Akatswiri ena a mbiri amakayikira zimenezo chifukwa nyumbayo inamangidwa msika utatsekedwa kale, koma kukayika kwawo n'kwa tizipindato basi, za msikawo palibe amatsutsa. Tizipindato ndi totsika denga, mopanda mpweya wokwanira, ndipo masitepe ake ndi ovuta. Bambo akhoza kudikira panja osataya kanthu, inunso ngati chizungulire chikadalipo musalowe. Pamalo onsewa pamalipiridwa polowa, ndipo ndingati muwapatse ola limodzi ndi theka kapena awiri. Likakhala Lamulungu m'mawa mudzapeza mapemphero, ndipo dongosolo lake mudzalitsata ngakhale lili m'Chiswahili.

Mukatuluka, msika wa Darajani uli pafupi. Unamangidwa mu 1904. Mbali ya nsomba ndi nyama fungo lake ndi lamphamvu, munthu wochokera pamadzi likhoza kumubwezera nseru, ndiye lunjikani kwa ogulitsa zipatso, tende ndi zokometsera zakudya: sinamoni, tsabola wakuda, jinja, ndi karafuu amene m'mashopu mwathu amalembedwa kuti cloves, mbewu imene inalemeretsa mafumu a pachilumbachi ndi thukuta la akapolo omwe aja. Kuseri kwa msika kuli mashopu a nsalu za kanga. Kanga iliyonse imakhala ndi mawu olembedwa m'mphepete, ena odalitsa, ena onyoza mkazi mnzako kapena woyandikana naye nyumba. Musanagule ya mphatso kwa apongozi, funsani tanthauzo lake. Chakudya cha masana mudye chakumeneku, m'malo amene mukuona anthu a mumzinda momwemo akudya: pilau kapena biriyani yotentha, nsomba yophikidwa ndi mkaka wa kokonati. Mpunga wake udzakukumbutsani wa ku Karonga.

Kuchokera apo lowani m'tinjira mukulunjika kunyanja. Za kusochera, mudzasochera ndithu, aliyense amasochera, ndipo palibe choopsa. Mzindawu mbali ziwiri wazunguliridwa ndi nyanja, mbali yachitatu ndi msewu waukulu wa Creek Road, ndiye kulikonse kumene mungalowere, pakapita mphindi zochepa mutulukira kumodzi mwa malo amenewa. Mukafuna njira funsani mayi wogulitsa m'shopu kuti "Forodhani?" adzakulozerani. Chofunika kusamala ndi njinga zamoto zimene zimathamanga m'tinjira topapatizato. Mukamva belu kapena hutala, tsamirani kukhoma. Poyenda muziyang'ana zitseko. Zachiarabu pamwamba pake ndi pamakona anayi ndipo zina zili ndi mawu a m'Korani osemedwa, zachimwenye pamwamba pake ndi pozungulira ndipo zili ndi zisonga zamkuwa. Zitseko zimenezi ndi nyumba za miyala ya korali ndi zina mwa zimene zinachititsa kuti UNESCO iike mzindawu pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2000. M'mbali mwa nyumba zambiri muli mabenchi a simenti otchedwa baraza, pamene bambo angapumitse bondo. Pamphambano yotchedwa Jaws Corner amuna amakhala pa mabenchi otere n'kumamwa khofi wakuda m'timakapu ting'onoting'ono ndi kashata, switi ya mtedza kapena kokonati. Khalani nawo pang'ono. Musajambule munthu musanapemphe, makamaka amayi, ndipo apolisi, asilikali ndi doko musajambule n'komwe.

Kugombe zinthu zili pamzere umodzi ndipo sizitenga nthawi. Pali linga lakale lotchedwa Ngome Kongwe, limene Aarabu a ku Oman anamanga chakumapeto kwa zaka za m'ma 1600 atathamangitsa Apwitikizi. Mkati mwake muli mthunzi ndi ogulitsa zosema. Pambali pake pali House of Wonders, nyumba imene Sultan Barghash anamanga mu 1883, yoyamba kukhala ndi magetsi pachilumbachi. Mbali ina inagwa mu Disembala 2020, ndiye konzekerani kuionera panja. Mukaima pamenepo n'kuyang'ana kumene kuli boti lanu, dziwani kuti m'madzi omwewo munaima sitima zankhondo za Britain pa 27 Ogasiti 1896, n'kuphulitsa nyumba ya mfumu pa nkhondo imene sinathe ndi ola lomwe.

Pali zinthu ziwiri zimene adzakukakamizani kwambiri ndipo ine ndikuti muzisiye. China ndi ulendo wa ku chilumba cha Changuu, chimene amati Prison Island, kukaona akamba akuluakulu. Akambawo ndi osangalatsa, koma ndi kukweranso boti lina, kutsikanso m'madzi, ndipo theka la tsiku lapita. Ngati achinyamata akufuna, apemphe kaputeni adutsireko ndi boti lanu lomwelo. China ndi ulendo wa kuminda ya zokometsera kunja kwa mzinda. Umafuna galimoto, kuyenda m'munda, ndipo kubwerera kwake kumadalira kuchuluka kwa magalimoto pamsewu. Munthu amene nyanja ikumudikira asapite kutali ndi gombe.

Za kuberedwa, Stone Town masana si malo oopsa. Chovutitsa ndi anyamata okakamira alendo, amene eni mzinda amawatcha papasi. Amayamba ndi moni wokoma, kukutsatirani, kukulozerani zinthu zimene simunafunse, pamapeto n'kufuna ndalama. Yankho ndi "hapana, asante" kamodzi, mwaulemu, osaima. Mukayamba kufotokoza zifukwa ndiye kuti mwatsegula chitseko. Ngati mukufuna wokuonetsani malo, ndipo kwa maola awiri kapena atatu ndi chinthu chabwino, tengani amene ali ndi chiphaso cha boma chokhala ndi chithunzi chake, mugwirizane mtengo ndi kutalika kwa nthawi musanayambe, mumuuzenso za bondo la bambo ndi zoti simukufuna kuzungulitsidwa m'mashopu a anzake. Ndalama tengani mashilingi a Tanzania, mwana wanu akusinthireni ku Dar es Salaam, akhale ang'onoang'ono ambiri. Kwacha kumeneko simungasinthe, ndipo madola akale kapena ong'ambika amawakana. Gawanani ndalamazo awirinu, zina m'thumba lamkati. Kumsika kunenerera mtengo n'kololedwa, ndipo inu a msika wa Zomba simufunika kuphunzitsidwa.

Boti likakhala kuti ligona, mudzaona Forodhani dzuwa likamalowa, cha m'ma 6 koloko: anyamata akudumphira m'nyanja kuchokera pakhoma, zombo za matanga zikubwerera, matebulo a zakudya akuyalidwa ndi nyali zake. Ndi pokongola, pitani. Koma posankha chakudya mundimvere. Nsomba, nkhanu ndi zina zam'nyanja zimene zaunjikidwa patebulo nthawi zambiri zimakhala zophikidwa kale, amangozitenthetsa, ndipo simungadziwe kuti zakhala nthawi yaitali bwanji. Kutsegula m'mimba muli m'boti, chimbudzi chili chimodzi chopapatiza, mafunde akukugwedezani, chipatala chili kutali, ndi mavuto amene sindifunira munthu aliyense. Sankhani chimene akuphika inu mukuona, monga chimene amati Zanzibar pizza, kapena urojo wotentha, msuzi wowawasira wa mbatata ya kachewere ndi tizokazinga. Madzi a nzimbe ofinyidwa pomwepo ndi jinja ndi mandimu ndi abwino, koma akanize ayisi. Funsani mtengo musanadye. Kumeneko mdima umagwa msanga dzuwa likangolowa, ndipo kubwerera pa kaboti usiku kumafuna tochi ndi nyali, ndiye panganani ndi kaputeni kuti inu awiri akutengeni paulendo woyamba, achinyamata atsale ngati akufuna.

Musananyamuke ku Zomba, bambo akaonane ndi adokotala awo, awauze kuti akhala masiku angapo pamadzi. Afunse ngati mapiritsi a chizungulire akugwirizana ndi mankhwala awo a BP, chifukwa ena sagwirizana ndi matenda a maso kapena vuto la kukodza kwa amuna achikulire. Ngati mankhwala awo ndi aja okodzetsa, dzuwa ndi thukuta zikhoza kuwatsitsa BP mpaka kuchita chidima akaimirira. Mankhwala a tsikulo atsike nawo kumtunda, asawasiye m'boti. Tengani botolo la madzi aliyense, chipewa, ndi mapaketi angapo a Thanzi ORS.

Muli kumtunda, wina akamva kupweteka pachifuwa, kubanika, mutu waukulu wadzidzidzi, kufooka mbali imodzi ya thupi, pakamwa kupotoka kapena kulankhula mosamveka, musaganize zobwerera m'boti kaye. Kwerani takisi kupita kuchipatala, kaputeni mumuimbire muli m'njira. Chipatala chachikulu cha boma, Mnazi Mmoja, chili m'mphepete mwa mzinda womwewo, ndipo zilipo zina zolipira. Kusanza kapena kutsegula m'mimba kosalekeza, makamaka kwa munthu womwa mankhwala a BP, nakonso kukuonetsedwa kwa dokotala boti lisananyamuke, chifukwa kumpoto kumene mukupitako thandizo ndi lotalikira. Minga ya m'madzi ikabaya phazi, viikani m'madzi otentha amene mungapirire, ndipo ikalowa kwambiri kapena pafupi ndi mfundo akaichotse achipatala. Bala la mwala wa korali, ngakhale laling'ono, litsukeni bwino ndi madzi abwino ndi sopo, chifukwa limatukusira msanga. Mukabwerera kumudzi, thupi likatentha kayezetseni malungo ndipo muwauze kumene munali. Kumva ngati nthaka ikugwedezeka kukapitirira sabata, kaonaneni ndi dokotala wa makutu.

Zikachitika kuti mwachedwa ndithu, imbani foni nthawi yomwe mwazindikira, musadikire kuti nthawi ikwane kaye. Pitani pamalo amene munapangana ndipo musachokepo kukafunafuna boti kwina. Musalole munthu wosamudziwa kuti akuwolotseni pa bwato lake ngakhale atalonjeza mtengo wotsika, makamaka kukada. Zitavuta kwambiri moti simungathe kupitiriza ulendo, sitima zothamanga zimafika ku Dar es Salaam pa maola awiri, yomaliza imanyamuka dzuwa likadalipo, ndipo tikiti mugule pa ofesi yake yeniyeni padoko, pasipoti ili m'manja, osati kwa anyamata oima pachipata.